Momwe mungasiyire mankhwala a dipuleshoni pang'onopang'ono ngati mwamwa nthawi yaitali

Anthu ambiri muno mu Lilongwe omwe ali ndi dipuleshoni, matenda okhumudwa kwambiri kwa nthawi yaitali, akumwa amitriptyline kapena fluoxetine, awiriwa ndi omwe amapezeka kwambiri mzipatala za boma, ndipo ena amagula sertraline, paroxetine kaya venlafaxine ku famase. Munthu ukamwa chaka kapena zaka ziwiri nkuyamba kupeza bwino, maganizo oti basi ndisiye amabwera ndithu ndipo sikulakwa. Vuto ndi kasiyidwe kake. Mankhwalawa sasiyidwa tsiku limodzi, thupi limakhala lazolowera, nde mukangodula mwadzidzidzi mumadwala mpaka kuganiza kuti matenda aja abwerera pomwe ayi.

Choyamba dzifunseni ngati nthawi yakwanadi. Malangizo a madokotala amati munthu apitirize kumwa miyezi 6 kapena kuposera apo kuwerengera tsiku lomwe wayamba kupeza bwino, osati tsiku lomwe anayamba mankhwala. Ngati dipuleshoni inakugwiranipo kawiri katatu, nthawi zambiri amati zaka 2 kapena kuposa. Onaninso zomwe zikuchitika pakhomo panu. Musayambe kuchepetsa muli pa maliro, ntchito yangotha kumene, banja likugwedezeka, kapena Januwale uja wa fizi ndi ngongole za Khirisimasi. Dikirani zinthu zikhazikike kaye, mankhwalawo sathawa.

Kenako pitani komwe munawalandira, mutenge buku lanu la kuchipatala lija. Kaya ndi ku helefu senta ya kwanu ku Area 25, Area 18 kapena Kawale, kaya ku Bwaila komwe kuli mbali yoona za matenda a maganizo, ku Kamuzu Central, kapena ku St John of God ku Area 43, kawauzeni adokotala kapena anesi mosabisa kuti mukufuna kusiya. Anthu ena amaopa kuti akalipiridwa nde amangosiya mwakachetechete, izi ndi zomwe zimandidetsa nkhawa ine. Auzeni zonse: mwamwa nthawi yaitali bwanji, munayesapo kusiya nkuvutika, muli ndi pakati kapena mukuyamwitsa, mukumwa ma ARV, a shuga kapena a BP. Apempheni alembe dongosolo lochepetsera mbukumo kuti olo mukapeze dokotala wina ulendo wotsatira, asayambirenso kufunsa. Ngati amitriptyline munapatsidwa chifukwa cha kuwotcha kwa mapazi osati dipuleshoni, nenaninso, chifukwa ululu uja ukhoza kubwerera dozi ikatsika.

Tsopano pa kuchepetsa penipenipo, apa nde ndikufuna mumvetse bwino. Mumatsitsa dozi pang'ono, nkukhala pamenepo masabata 2 mpaka 4, mukaona kuti thupi lakhazikika nkutsitsanso. Amene wamwa miyezi yochepa akhoza kumaliza msanga, koma wa zaka zingapo zimatenga miyezi, ena mpaka kupitirira chaka, ndipo palibe chamanyazi pamenepo. Chomwe ambiri sadziwa nchoti kumapeto ndi komwe kumavuta kuposa kumayambiriro. Zili ngati shuga mu tiyi, kuchoka pa masipuni anayi kubwera pa atatu simumva kusiyana kwenikweni koma kuchoka pa sipuni imodzi kufika popanda shuga lilime limadziwa nthawi yomweyo. Mu ubongo nchimodzimodzi, kadozi kakang'ono kamagwira ntchito yaikulu kuposa mmene timaganizira. Akatswiri awiri a ku London, Mark Horowitz ndi David Taylor, analemba za zimenezi mu 2019, ndipo malangizo a 2022 a NICE, bungwe lopereka malangizo a zaumoyo ku Britain, amanenanso kuti dozi ikamachepa, gawo lomwe mukuchotsa lizichepanso.

Tiyerekeze mumamwa amitriptyline mapiritsi atatu a 25mg usiku, ndiye kuti 75mg. Adokotala akhoza kunena kuti tsikirani pa awiri, pakapita masabata angapo limodzi ndi theka, kenako limodzi, kenako theka, mwinanso kota musanasiyiretu. Ichi nchitsanzo chabe, zanu akakuuzani okha. Podula piritsi gwiritsani lezala yatsopano kapena kachida kodulira mapiritsi ngati mwakapeza ku famase, duliranipo pa mbale youma, osaluma ndi mano chifukwa limaphwanyika ndipo amitriptyline amachititsa dzanzi pa lilime. Zidutswazo sungani mkabotolo kotseka bwino.

Fluoxetine ndi wosiyanako. Amabwera mmakapisozi a 20mg omwe simungawadule, koma ubwino wake amakhalitsa mthupi masabata, nde pa iyeyu adokotala akhoza kukuuzani kuti muzimwa modumphitsa tsiku. Koma musatengere zimenezi pa paroxetine ndi venlafaxine. Awa amatuluka mthupi msanga ndipo ndi omwe amavutitsa kwambiri posiya, mukamadumphitsa masiku thupi limangokhala likukwera nkutsika. Makapisozi a venlafaxine olembedwa XR kapena XL osawatafuna, osawapera.

Nanga mudziwa bwanji kuti mwatsika mothamanga? Zizindikiro zimayamba pakangopita masiku ochepa mutachepetsa, pa fluoxetine zimachedwerapo. Chizungulire, nseru, thukuta, mutu, kuphwanya mthupi, kusowa tulo, maloto oopsa, kupsa mtima pa tinthu tating'ono, kulira popanda chifukwa, ndipo ena amamva kanthu kothwanima mmutu ngati shoko ya magetsi makamaka akatembenuza maso. Kuno kwathu munthu akamva kuphwanya mthupi amathamangira kukagula LA. Kayezetseni malungo kaye, ngati sanapezeke kumbukirani kuti mwachepetsa mankhwala sabata yomweyo. Kusiyanitsa kwake ndi dipuleshoni yobwerera ndi kotere: za kusiya mankhwala zimabwera msanga, zimabwera ndi zamthupi ngati chizungulire chija, ndipo mukabwerera pa dozi yakale zimatha pa masiku ochepa. Dipuleshoni imabwera mwakachetechete pakapita masabata kapena miyezi, ndipo mumaizindikira, ndi kusasangalala komwe kuja, kusafuna kuona anthu, kudziona wopanda pake.

Zizindikiro zikakhala zopiririka khalani pa dozi yomweyo mpaka zithe, musatsikenso. Zikakula, bwererani pa dozi yomwe munali bwino, uzani adokotala, ndipo ulendo wotsatira mutsike pang'ono kwambiri kuposa poyamba. Kubwerera mmbuyo sitepe imodzi ndi mbali ya kusiya komweko. Zimathandiza kukhala ndi kakope kapena kulemba pa foni madzulo aliwonse, dozi yanu, tulo mwagona bwanji, mtima uli bwanji, mizere iwiri basi, chifukwa mukafika pa mzere kuchipatala adokotala ali ndi anthu ambiri panja ndipo inu mumaiwala.

Uzani munthu mmodzi yemwe mumamudalira, akazi anu, amuna anu, achemwali, mnzanu wa ku tchalitchi kapena ku mzikiti, kuti azikuyang'anirani, nthawi zambiri iwo amaona kusintha inu musanaone. Ndipo ndinene za mapemphero, chifukwa ndi nkhani yomwe imachitika: kupemphera nkwabwino, pitirizani, koma wina akakuuzani kuti tayani mapiritsi lero lomwe posonyeza chikhulupiriro, musatero. Mukhoza kupemphera uku mukutsitsa dozi mwadongosolo. Mowa usiyeni kaye nthawi imeneyi, umasokoneza tulo ndipo simungadziwe kuti chakudwalitsani nchiyani. Yendaniko madzulo, idyani pa nthawi yake, ndipo ngati pali mwayi wa uphungu wokambirana ndi katswiri upempheni, umathandiza kuti matenda asabwerere.

Musadikire kuti mapiritsi athe kenako muzikafuna ena. Nthawi zina mankhwala amasowa, nde pitani kukatenga mukadali ndi a sabata imodzi kapena awiri mmanja, kuopa kusiya mokakamizika pakatikati. Otsala mukamaliza abwezeni kuchipatala kapena ku famase, makamaka amitriptyline, ndi woopsa kwambiri akamwedwa wambiri ndipo ana asamufikire olo pang'ono.

Ngati nthawi ina iliyonse mwayamba kuganiza zodzipha kapena kudzivulaza, kapena mwakhala masiku osagona koma muli ndi mphamvu zodabwitsa, kulankhula kosalekeza, kumwaza ndalama, musadikire tsiku la kiliniki. Uzani wachibale akuperekezeni ku Bwaila, ku Central kapena chipatala chomwe muli nacho pafupi tsiku lomwelo, olo usiku. Mukamwa kachidutswa komaliza pitirizani kukaonana ndi adokotala kwa miyezi ingapo, ndipo akakuuzani kuti kwa inu nkwabwino kupitiriza kumwa zaka zina, mvetserani zifukwa zawo bwinobwino, alipo ambiri omwe amakhala bwino chifukwa chopitiriza.