Maluwa ozizira m'maso pabwalo la kuno kotentha

Pamene tinkasamukira kuno ku Mangochi kuchokera ku Zomba, ndinakweza zitini 14 za maluwa pa lole ya katundu. Munali ma hydrangea abuluu, marozi apinki ndi agapanthus, ena ochokera pakhomo pa malemu mayi anga. Tinafika mu Juni mwera ukuwomba, ndipo zonse zinaoneka ngati zagwira. Pomwe Okutobala amatha n'kuti kutatsala chitini chimodzi chokha, nachonso masamba atapserera m'mbali. Zinandiwawa kwambiri. Koma chimene mtima wanga unkafuna sichinasinthe: bwalo la maluwa osathobwa m'maso, pinki wotuwira, buluu wonga wa kumwamba m'mamawa, chikasu chonga mkati mwa nthochi, ndi oyera. Azungu mitundu yotereyi amaitcha pastel. Ine ndimangoti mitundu yozizira m'maso, chifukwa kuno kumene masiku ena a Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 35, munthu umafuna malo oti maso apumulirepo. Patha zaka 7 tsopano, bwalolo lilipo, ndipo m'munsimu muli zimene ndingakuuzeni inu amene mukufuna kuyamba.

Musanagule duwa ngakhale limodzi, khalani tsiku lathunthu mukuyang'ana mmene dzuwa limayendera pabwalo panu. Dzuwa la kuno likamaswa mtengo, mtundu wofewa uliwonse umasuluka. Pinki amaoneka ngati nsalu yakale, buluu amangotuwa ngati phulusa. Ndi chifukwa chake anthu ambiri amathamangira bougainvillea wofiira kapena wapepo wakuda uja, poti ndi yekhayo amene amalimbana ndi masana. Maluwa ofewa nthawi yawo ndi m'mamawa ndi chakumadzulo. Dzuwa likapendeka, makamaka pamene kumzikiti akuitanira swala ya magharibi, ofiira aja amayamba kuda n'kusowa, pomwe oyera ndi abuluu amachita ngati ayatsidwa. Ngakhale mlambe umachita chimodzimodzi: maluwa ake oyera akuluakulu amamasula madzulo, kudikira mileme. Ndiye funso loyamba ndi lakuti, madzulo mumakhala pati? Ngati ndi pakhonde, bedi lanu lalikulu likhale pamene maso amagwera mukakhala pamkeka kapena pampando pakhondepo, osati kugeti kumene kumaonedwa ndi odutsa okha.

Malo abwino koposa ndi amene amalandira dzuwa kuyambira m'mawa mpaka cha m'ma 11 kapena 12 koloko, kenako mthunzi wa nyumba kapena mtengo n'kuwaphimba. Kawirikawiri amenewa amakhala kum'mawa kwa nyumba.

Chachiwiri, ndipo apa m'pamene ambiri amaphonya, ndi chimene chili kumbuyo kwa maluwawo. Duwa lotuwira limafuna chinthu chakuda chobiriwira kumbuyo kwake kuti lioneke. Mukaliika kutsogolo kwa khoma loyera mbee la laimu, limasowa, ndipo masana khomalo limabweza kuwala mpaka simungayang'aneko. Mukaliika kutsogolo kwa njerwa zootcha zosapaka, pinki ndi kufiira kwa njerwa zimakangana. Kwanga kumbuyo kwa bedi lalikulu kuli mitengo iwiri ya mandimu ndi mango mmodzi, ndipo masamba ake akuda aja ndi amene amanyamula zonse. Mbali imene kunalibe mtengo ndinamanga mpanda wa bango. Bango likauma limakhala ndi mtundu wodekha wonga mchenga, umene sulimbana ndi duwa lililonse. Khoma la nyumba tinalipaka penti ya kirimu. Pansi pa khonde panali pofiira ndi polishi, monga nyumba zambiri, ndipo sindinafune kuwononga ndalama kuswa simenti. Ndinangosamala kuti pafupi ndi khonde pakhale oyera ndi abuluu okhaokha, apinki n'kupita nawo patali. Duranta wa masamba achikasu amene wadzaza m'mipanda ya m'tauni musamuyandikize. Chikasu chake n'chaukali, chimameza china chilichonse.

Tsopano maluwa enieniwo. Amene ndimamudalira kuposa onse ndi plumbago. Kwawo ndi ku South Africa, dzuwa saliopa, ndipo buluu wake ndi uja ndinkamulira pa hydrangea. Akakhazikika amapirira ngakhale mutadumphitsa masiku osathirira. Mudzale motalikirana mita imodzi, chifukwa amatambalala n'kuyedzamira chilichonse chimene wachipeza. Amachita maluwa pa nthambi zatsopano, choncho akamaliza kumasula mudulireni mopanda chisoni, adzaphukira mwamphamvu. Mbewu yake sivuta: pindirani nthambi yaitali pansi, ikwirireni pakati ndi dothi, tsinikizani ndi mwala, ikamera mizu muidule n'kuwokera. Kapenanso zulani tiana timene timatuluka m'mbali mwa tsinde. Timaluwa take timamata, ndiye adzukulu anga amatimata m'makutu ngati ndolo.

Kutsogolo kwa plumbago ndimaika periwinkle, kaduwa kochokera ku Madagascar kamene mumakaona katamera kokha m'mbali mwa nyumba ndi m'mabwinja. Anthu amakanyoza poti n'kofala, koma kamamasula pafupifupi chaka chonse pa mchenga wa kuno. Kalipo kapinki wakuda, kapinki wotuwira, koyera, ndi koyera kokhala ndi kadiso kofiira pakati. Kamadzifesa kokha, ndipo ntchito yanu ili apa: tiana tikayamba kumasula, zulani tonse ta mtundu wakuda tisanabereke njere. Chaka choyamba mudzazula tambiri. Pofika chaka chachitatu, otuwira ndi oyera ndi amene amachuluka. Chimene kamadana nacho ndi madzi odikha. M'dzinja, pamalo pamene pamaima madzi kamavunda mizu, ndiye kwezani bedi ngati mzere wa mbatata.

Mtengo wa pabwalo lotere ndi frangipani, uja woyera wa chikasu pakati, kapena wapinki wotuwira. Fungo lake limakula usiku. Kudzala kwake kuli ndi chinsinsi chimodzi: mukadula nthambi, yotalika ngati mkono, musaidzale tsiku lomwelo. Iimikeni pamthunzi sabata imodzi kapena masabata awiri mpaka podulapo pauma, kenako muizike mumchenga n'kuthirira pang'ono chabe. Mukaizika ili ndi utomoni wake n'kuikhuthulira madzi, imavunda. Ine ndimachita zimenezi mu Ogasiti kapena Seputembala. M'nyengo yozizira mtengowu umayoyola masamba n'kutsala nthambi zokhazokha. Musaudule poganiza kuti wauma. Kukayamba kutentha udzakudabwitsani.

Bougainvillea aliponso woyera ndi wapinki wotuwira, kungoti ogulitsa m'mbali mwa msewu sakhala naye kawirikawiri. Gulani amene ali ndi duwa kale m'chubu kuti muone mtundu ndi maso anu. Ine ndinagulapo machubu atatu pongomva mawu a wogulitsa kuti ndi oyera, ndipo onse anatuluka ofiira patatha miyezi ndikuwathirira. Njira yotsimikizika ndi kupempha nthambi kwa munthu amene muli kuona mtengo wake. Bougainvillea musamulere ndi madzi ndi manyowa ambiri, chifukwa akakhuta amangochita masamba. Amamasula bwino akamva ludzu.

M'mphepete mwa njira yolowera ndinaika rain lily, timaluwa tokhala ndi anyezi pansi ndi masamba onga udzu. Miyezi yambiri simungadziwe kuti tilipo. Mvula ikangogwa, patapita masiku ochepa, njira yonse imakhala pinki. M'miphika yadothi muli desert rose, wa tsinde lotupa ngati kamlambe, amene safuna madzi ambiri n'komwe. Ndipo musaiwale za kudimba. Duwa la therere ndi lachikasu chofewa chokongola zedi, la mbatata ndi la khobwe ndi apepo wotuwira, la cham'mwamba ndi loyera ngati mkaka. Kwanga therere ali mubedi momwemo pakati pa maluwa, ndipo timathyola ndiwo pomwepo.

Pakati pa mitundu yonseyi payenera kukhala masamba otuwa opumulira maso. Aloe vera amagwira ntchito imeneyi bwino, ndi mapesi angapo a lemon grass amene timaphikiranso tiyi.

Za kasakanizidwe ndinene mwachidule. Sankhani mitundu iwiri, kuwonjezapo woyera, basi. Kwanga ndi buluu, pinki ndi woyera. Chikasu ndi cha therere ndi cha pakati pa frangipani chokha. Ndipo musadzale limodzilimodzi ngati mukuwerenga, uku buluu, uku pinki, uku woyera. Mitundu yofewa ikabalalika imaoneka ngati zinyalala za mapepala. Dzalani m'magulu, periwinkle woyera 7 kapena 9 pamodzi, plumbago atatu motsatizana, kuti diso likagwa lipeze chigamba chachikulu cha mtundu umodzi. Gulu lomwelo mulibwerezenso mbali ina ya bwalo. Wina akakupatsani duwa lofiira kapena la olenji, lilandireni ndi manja awiri, koma mukalidzale kuseri kwa nyumba. Limodzi lokha limakwanira kuba maso onse.

Dothi la kufupi ndi nyanja ndi mtsinje wa Shire nthawi zambiri ndi mchenga, madzi amangodutsa. Pa dzenje lililonse la plumbago kapena mtengo ndimakumba kuya ndi kutambalala ngati masentimita 50, n'kusakaniza dothilo ndi ndowa imodzi ya manyowa a mbuzi kapena a ng'ombe owolerana bwino. Aawisi amaotcha mizu. Ngati kwanu ndi kwa makande amene amang'aluka m'chilimwe n'kumata m'dzinja, vuto lanu ndi losiyana: kwezani mabedi ndipo onjezerani mchenga ndi manyowa kuti madzi azitsika. Pamwamba phimbirani ndi udzu wouma kapena mankhusu a mpunga. Kuphimbira kumeneku ndi kumene kumapulumutsa maluwa mu Okutobala, koma kumaitananso chiswe, ndiye siyani mpata wa chikhatho chimodzi kuzungulira tsinde, ndipo muziyang'ana pansi pa udzuwo sabata iliyonse. Ine ndimawazako phulusa pang'ono pamene ndaona njira za chiswe.

Thirirani m'mamawa kwambiri kapena dzuwa litalowa, patsinde osati pamasamba, ndipo ndi bwino kuthirira mokwanira kawiri kapena katatu pasabata kusiyana ndi kuwaza pang'onopang'ono tsiku lililonse. Madzi akalowa pansi mizu imawatsatira, ndipo mbewu imalimba. Mijigo ina ya kuno madzi ake ndi amchere. Mukaona zoyera zikuuma pamwamba pa dothi kapena m'mbali mwa mphika, ndiye mcherewo. M'miphika muzithira madzi ambiri nthawi zina mpaka atulukire pansi kuti autsuke, ndipo m'dzinja tchingani madzi a padenga m'migolo.

Pali mawu amene sindingawasiye. Oleander wapinki ndi wokongola, amakonda kutentha, ndipo mudzamuona m'malo ambiri a m'mbali mwa nyanja. Koma ndi poizoni kuyambira masamba, maluwa mpaka nthambi, ngakhale utsi wake mukamuotcha. Ndinali naye mmodzi, koma mdzukulu wanga atayamba kukwawa ndinamuzula ndi mizu yomwe. Pakhomo pa ana ndi mbuzi, ine sindingakulangizeni. Desert rose, frangipani ndi periwinkle nawonso si oti mwana aike mkamwa, ndipo utomoni wake usafike m'maso. Sambani m'manja mukatha kudulira. Mbuzi nthawi zambiri periwinkle zimangomununkhiza n'kudutsa, koma therere, mbatata ndi nsonga za bougainvillea sizisiya. Popanda mpanda ndi chitseko chotsekeka, musavutike kuyamba.

Enanso awiri amakopa chifukwa mitundu yawo ndi yomwe tikufunayi. Namasupuni ali ndi duwa lapepo wotuwira lokongola kwambiri, ndipo mayi wina woyandikana nane anafuna kumuika m'beseni pakhonde. Ndinamupempha kuti asatero. Ameneyu ndi amene amatseka madzi mu Shire, kuvutitsa asodzi ndi makina opangira magetsi kumunsi kwa mtsinje, ndipo kachidutswa kamodzi kotayidwa m'ngalande kamakwanira kuyambitsa mavuto. Lantana naye, wa timaluwa tapinki ndi chikasu, mbalame zimamwaza njere zake ndipo amalanda tchire lonse, komanso amadwalitsa ziweto. Ngati mukufuna duwa la m'madzi, kakombo wabuluu amene amamera m'madambo ndi m'mbali mwa nyanja ya Malombe ndi wathu wakuno, ndipo amakhala bwino mu theka la mgolo lokhala ndi matope pansi, pamalo a dzuwa. Kungoti madzi oima ndi nyumba ya udzudzu, ndiye muikemo tinsomba tating'ono todya mphutsi, apo ayi musiyeni komwe ali.

Nthawi yoyambira ndi iyi: mu Ogasiti ndi Seputembala pemphani nthambi n'kuziika m'machubu pamthunzi wa mango. Mu Okutobala kumbani maenje ndi kuthira manyowa, koma musawokere kanthu, ngakhale chizimalupsa chitagwa, chifukwa dzuwa lobwera pambuyo pake limapha. Dikirani mvula yeniyeni ya mu Disembala, nthaka itanyowa mpaka pansi, ndipo muwokere madzulo kapena tsiku la mitambo. Chaka choyamba bedi lidzaoneka la mipatamipata. M'mipatamo fesani periwinkle ndi therere, plumbago akamakula muzizula pang'onopang'ono kumupatsa malo.