Malangizo kwa ofuna kukaona anangumi ku Mozambique

Ife a ku Zomba tinazolowera kukwera bwato pa Kachulu kupita ku chilumba cha Chisi, koma ulendo wa pa nyanja yamchere, monga wochoka ku Maputo kupita ku chilumba cha Inhaca, ndi wosiyana kwambiri. Anangumi a mtundu wa humpback amachoka ku madzi ozizira a ku Antarctica kudzaberekera m'madzi ofunda a ku Mozambique, ndipo amaoneka bwino kuyambira mu Julayi mpaka mu Okutobala. Wopita mu Febuluwale angowononga ndalama.

Mufunsiretu nthawi yonyamukira, chifukwa kumeneko madzi amadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, zomwe sizichitika pa nyanja ya Chilwa. Mukhale pakati pa sitima pomwe sipagwedezeka kwambiri, ndipo mseru ukayamba muyang'ane kutali kumene madzi akumana ndi thambo, osati pa foni. Juzi musaisiye, popeza mphepo yam'mawa imaluma ngati ya pa phiri la Zomba mu Juni.

Nangumi sadzionetsa msanga. Choyamba mumaona mpweya wake ukufuka ngati utsi woyera, kenako msana wakuda, ndipo mchira ukatukuka m'mwamba mudziwe kuti walowa pansi pa madzi, mudikire mphindi zingapo kamera ili m'manja.