Kaphikidwe ka nyama ya ng'ombe, mbatatesi ndi tchizi m'poto wodziphikira yekha

Umatsika minibasi cha m'ma 6 koloko madzulo, thupi lonse lili lefu, ndipo usanavule n'komwe nsapato ana akufunsa kale kuti, "Amayi, lero ndiwo n'chiyani?" Ukati uyatse mbaula, udikire makala agwire, kenako uyambe kulimbana ndi nyama ya ng'ombe kuti ifewe, ndiye kuti mudya 9 koloko ana akuodzera. Chakudya chimene ndikufotokoza pano ntchito yake yonse ndi ya m'mamawa, mphindi 25 basi. Madzulo kumangotsala kuthira mkaka ndi kuwaza tchizi.

Chida chake ndi slow cooker, poto wamagetsi wokhala ndi mphika wadothi mkati, amene amaphika ndi moto wochepa kwa maola ambiri. Ku America ambiri amangomutchula kuti Crock-Pot, dzina limene kampani ya Rival inamutulutsa nalo pamsika mu 1971. Chakudyachi n'cha komwekonso. Iwo amati casserole, ndipo amakonda kuthiramo supu wa bowa wa m'chitini wa Campbell's kuti msuzi ukhale wokhathamira. Ife tisavutike kusaka zitini, fulawa ndi mkaka zimagwira ntchito yomweyo. Chenjezo limodzi tisanayambe: ngati poto wanu anakutumizirani abale kuchokera ku America, onani kaye kunsi kwake. Magetsi a kumeneko ndi a 120V pomwe athu ndi a 230V, ndiye mukangomulumikiza popanda transformer yotsitsa mphamvu ya magetsi, wapita. Wochokera ku Britain kapena ku South Africa alibe vutoli, kupatula kuti wa ku Joni amafuna adaputa.

Zofunika

Kwa anthu asanu, m'poto wa malita 3.5, pezani theka la kilo la nyama yogaya, kilo imodzi ya mbatatesi, anyezi awiri, makaloti awiri, adyo pang'ono, tomato mmodzi wakupsa bwino, masupuni awiri a fulawa, kyubu imodzi ya msuzi wa ng'ombe, theka la kapu ya mkaka ndi magalamu 150 a tchizi. Mchere ndi tsabola mukudziwa nokha.

Mbatatesi musankhe zolimba, zosamera, zopanda mabala obiriwira. Amene mumadutsa pa Lizulu kapena pa Bembeke ndinu amwayi. Tchizi n'chokwera mtengo, tisanamizane, n'chifukwa chake ndimagula Cheddar yokhwima: imakoma mwamphamvu, ndiye pang'ono pomwe imamveka. Tchizi china chotchedwa Gouda chiliponso; Gouda imasungunuka bwino koma kukoma kwake n'kwamanyazi, imasowa m'kati mwa nyama.

Kazingani kaye nyama

Ambiri amadumpha apa poganiza kuti potoyo achita zonse. Sachita. Moto wake sufika poti n'kufiiritsa nyama, ndiye mukaponyamo yaiwisi imatuluka yotuwa, youndana m'mibulu, ikusambira m'mafuta. Tenthetsani chiwaya, ikani nyama, ndipo muisiye kaye mphindi ziwiri musanaigwedeze. Ikayamba kugwira kunsi n'kufiira, iphwanyeni ndi mthiko. Mafuta akachuluka tsanulani ena. Onjezani anyezi ndi adyo, zifote, kenako tomato. Wazani fulawa n'kutakasa mphindi imodzi kuti fungo la ufa lichoke. Sungunulani kyubu ija m'kapu imodzi ya madzi otentha, thirani m'chiwayamo, ndipo mupale zonse zomatirira kunsi chifukwa kukoma kuli pamenepo.

Tomato ndati mmodzi, ndipo ndikutanthauza mmodzi. Ndikudziwa kuti dzanja la Mmalawi siligwa mphwayi pa tomato, koma kuwawasa kwake kumachedwetsa mbatatesi kufewa. Mukachulukitsa mudzapeza nyama yapsa kalekale mbatatesi zili gwa.

Ngati nyama inali mufiriji youma gwa, itsitseni usiku isungunukire m'munsi mwa firijimo. Nyama youndana isalowe m'poto ameneyu. Amachedwa kutentha, ndiye nyamayo imakhala nthawi yaitali ili yofunda chabe, mmene tizilombo toyambitsa matenda a m'mimba timakondera.

Kuyala

Sendani mbatatesi n'kuzidula mozungulira, zokhuthala ngati theka la sentimita. Yesetsani kuti zifanane, apo ayi zina zidzasanduka phala zina zisanapse. Mukafuna kusenderatu usiku, zisungeni m'madzi mufiriji kuti zisade, m'mawa muzikhetse bwinobwino.

Pakani mafuta kapena majarini mkati mwa mphika. Pansi penipeni yalani theka la mbatatesi ndi makaloti, n'kuwaza mchere pang'ono. Mchere ukhale wochepadi, poti kyubu ndi tchizi zili nawo kale. Pamwamba pake ikani theka la nyama. Bwerezani: mbatatesi, kenako nyama yotsala pamodzi ndi msuzi wake wonse. Zingaoneke zachilendo, koma m'poto ameneyu mbatatesi ndi makaloti zimachedwa kupsa kuposa nyama, n'chifukwa chake zimakhala pansi ndi m'mbali momwe muli moto, nyama n'kukhala ngati bulangete pamwamba. Mphika usadzaze mpaka kukamwa. Ukhale pakati pa theka ndi magawo awiri mwa atatu.

Tsopano mudzayang'ana n'kuona ngati madzi achepa. Dzanja lidzapita lokha ku ketulo. Ligwireni. Tinazolowera kuphika nyama pambaula, pomwe madzi amaphwa n'kumathira ena, koma muno nthunzi siithawa. Imagunda chivundikiro n'kubwerera momwemo, ndipo anyezi ndi mbatatesi zimatulutsanso madzi awo. Ine tsiku loyamba ndinathira makapu atatu, tchizi n'kuikiratu m'mamawa. Nditabwera ndinapeza dziwe, mafuta achikasu akuyandama pamwamba, tchizi chitamatirira m'mbali ngati labala wopserera. Ana anadya ndi supuni, osalankhula kanthu, ndipo kukhala chete kwawoko kunandipweteka kuposa kudandaula.

Kuphika

Vundikirani. Mukaika batani pa Low (moto wochepa) ndi maola 6 mpaka 7, pa High (moto wambiri) maola 3 mpaka 4. Ngati muli pakhomo, musamasuzumire. Nthawi iliyonse mukatsegula, moto umene unasonkhana umathawa ndipo mwaonjezera mphindi 20 kapena kuposerapo.

Nanga amene mumachoka 7 koloko n'kubwera 6 koloko? Maola 11 ndi ambiri kwa nyama yogaya. Ngati poto wanu ali ndi wotchi yoti nthawi ikakwana amapita yekha pa Warm (pongosunga chakudya chili chotentha), palibe vuto. Ngati alibe, pemphani amene ali pakhomo adzayatse cha m'ma 11 koloko, mphika utadikira mufiriji, kapena sinthani nyama. Kubutchala funsani nyama ya pamwendo kapena ya pachidale, yamitsempha ija imene timaidandaula kuti imatha makala, muidule nthulinthuli, ndipo mbatatesi muzidule zikuluzikulu. Nyama yotereyi ndi imene potoyu anabadwira. Mitsempha ija imasungunuka pang'onopang'ono n'kusandutsa msuzi kukhala wonona, womata milomo.

Za kuzima kwa magetsi tisazibise. Akazima muli pomwepo, khuthulirani zonse m'poto wachitsulo n'kumalizira pambaula kapena pa gasi nthawi yomweyo. Mphika wadothiwo usakhale pamoto, umang'aluka. Koma mukabwera n'kupeza poto wazizira, osadziwa kuti magetsi anapita nthawi yanji, chakudyacho musadye ngakhale chikuoneka chakupsa. Zimawawa kutaya theka la kilo la nyama, komabe sizingafanane ndi kugona pachipatala ndi ana atatu. Masiku amene magetsi akuvuta kwanuko, phikani chakudyachi Loweruka muli pakhomo.

Ndionjezepo china, chifukwa ndikudziwa kuti wina aganiza zoikamo nyemba kuti chichuluke. Nyemba zofiira zouma zisalowe zaziwisi. Zili ndi poizoni amene amafa pokhapokha zikabwata mwamphamvu kwa mphindi zosachepera 10, ndipo moto wa potoyu sukwana. Ziviikeni, muziwiritse kaye pamoto weniweni, kenako muziphatikize ndi nyama.

Tchizi pomaliza

Mukafika, bayani mbatatesi ya pakati ndi foloko. Ikalowa mosavuta, zatheka. Fundiritsani mkaka uja n'kuuthira m'mbalimbali. Mkaka umadikira mpaka pano chifukwa ukaphikidwa maola ambiri umadukaduka. Palani tchizi n'kuwaza pamwamba ponse. Tengani kansalu koyera ka mbale, kayaleni pakamwa pa mphika, chivundikiro n'kukhala pamwamba pake. Kansaluko kamamwa madontho amene akanagwera patchizi. Ikani pa High mphindi 15 mpaka 20, nthawi yokwana kusamba ndi kudula kabichi kapena kufwafwaza repu. Mukazimitsa, chotsani chivundikiro ndipo mudikire mphindi 10 kuti msuzi ugwirane, chakudya chizichoka ndi chipande chili chilili.

Zotsala zilowe mufiriji pasanathe maola awiri, m'kontena ina, ndipo zithe m'masiku atatu. Potenthetsa gwiritsani ntchito chiwaya, osati slow cooker. Mphika uzizire kaye musanauthire madzi, chifukwa dothi lotentha likakumana ndi madzi ozizira limasweka.

Kwathu tsiku limene ndinachiphika bwino koyamba, bambo a ana anamaliza mbale, kuonjezera yachiwiri, n'kusamba m'manja. Kenako anayang'ana kukhitchini n'kufunsa, "Nanga nsima ikubwera?" Kuyambira pamenepo ndimatereka kapoto ka madzi nthawi imene tchizi chikusungunuka, mitanda iwiri yokha.