MUST kapena MUBAS: ganizani musanadzaze fomu ya NCHE

Ngati mwakhoza bwino masamu ndi Physics pa MSCE ndipo mtima uli pa uinjiniya, mayina a mayunivesite awiriwa, MUST (Malawi University of Science and Technology) ndi MUBAS (Malawi University of Business and Applied Sciences), akuvutitsani ndithu. Ine monga mphunzitsi wa masamu ku sekondale, ndimauza ana anga kuti chisankho chenicheni chimachitikira pa fomu ya NCHE (National Council for Higher Education), bungwe loyendetsa ntchito yosankha ophunzira opita ku mayunivesite a boma. Mumandandalika mapologalamu motsatana, ndipo mukasankhidwa amakupatsani malo amodzi okha. Zoti mudzalandira makalata awiri n'kumasankha muli phee kunyumba, iwalani.

Choyamba, siyani kaye dzina la sukulu, muone pologalamu. MUBAS, yomwe ambiri timaitchulabe kuti Poly, inachoka pansi pa University of Malawi mu 2021, ndipo ndi kwawo kwa Civil, Electrical ndi Mechanical Engineering, komanso Architecture ndi Quantity Surveying. MUST inatsegulidwa mu 2014 ku Ndata m'boma la Thyolo, ndipo inabwera ndi maphunziro ngati Chemical Engineering ndi Metallurgy and Materials Engineering. Wofuna kumanga misewu ndi milatho alembe Poly pamwamba. Amene amakonda Chemistry, wofuna kudziwa mmene miyala ya m'migodi amaiyengera kuti patuluke chitsulo, ayang'ane ku Thyolo. Zimandipweteka mtima kuona mwana akulemba pologalamu yomwe sakuidziwa n'komwe, chifukwa choti anzake ati sukuluyo ndi yotchuka. Zaka 5 zophunzira uinjiniya si masewera.

Kenako khalani pansi ndi makolo kapena amene akukulipirirani, mutenge pepala ndi cholembera. Poly ili m'kati mwa Blantyre, m'mbali mwa msewu wa Masauko Chipembere. Malo ogona pasukulupo sakwanira onse, choncho ambiri amachita lendi ku Chitawira, Zingwangwa kapena Ndirande. Werengerani lendi, magetsi, makala, ndiwo ndi minibasi ya tsiku ndi tsiku. Ubwino wake, mafakitale a ku Makata ndi makampani a zomangamanga ali pafupi, ndiye kufunafuna malo a attachment (kukaphunzira ntchito pakampani) sikuvuta kwenikweni, mukhoza kukagogoda nokha pachitseko. Ku Ndata n'kumudzi, kuli zii, zosokoneza kuwerenga n'zochepa, koma chilichonse chofuna m'tauni ndi ulendo wa ku Limbe. Mwana amene amatengeka msanga ndi anzake ndimamulangiza mosabisa kuti ku Thyolo kumuthandiza.

Ngongole ya ku Loans Board, bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira a m'mayunivesite, muifunsire ndithu, koma musaiyike m'bajeti ngati ndalama yomwe ili kale m'thumba, poti si onse amapatsidwa.

Musanatumize fomu, werengani zofunika pa pologalamu iliyonse m'chikalata cha NCHE cha chaka chimenecho, makamaka magiredi a masamu, Physics, Chemistry ndi Chingerezi. Pezaninso wophunzira wa chaka chachitatu kapena chachinayi pa pologalamu yomwe mukuifunayo. Mufunseni ngati makina a mu labu akugwira ntchito, amakhala angati m'kalasi, komanso amene anamaliza chaka chatha ali kuti pano.