Momwe mungayendetsere galimoto ya dizilo ndi saladi wokazingira kale

A ERB, bungwe loyang'anira za mafuta ndi magetsi m'Zambia, akangolengeza mitengo yatsopano ya mafuta, funso lija limabweranso m'magalaja a ku Matero ndi ku Chawama: kodi n'zoona kuti injini ya dizilo imayenda ndi mafuta ophikira? N'zoona, ndipo sizinayambe lero. Mu 1900, pa chionetsero cha ku Paris, injini ya mtundu umene anatulukira Rudolf Diesel inayenda ndi mafuta a mtedza. Koma pampu yokankha dizilo ndi manozo (timilomo topemerera mafuta mu injini) a masiku ano sizofanana ndi za nthawi imeneyo, ndipo amene amangothira saladi (mafuta ophikira) m'thanki n'kuliza galimoto amakalirira kwa okonza mapampu.

Yambani ndi masamu. Funsani mtengo wa chigubu cha saladi cha malita 20 ku Soweto Market, muugawe ndi 20, muyerekeze ndi lita ya dizilo. Mupeza kuti saladi watsopano ndi wodula kuposa dizilo, pomwe mphamvu yake pa lita ndi yocheperako ndi 5 mpaka 10 peresenti. Phindu lili m'mafuta okazingira kale, amene a machipisi, malesitilanti ndi mahotela amachotsa m'mapoto awo. Ndipo phindulo limadalira zinthu ziwiri: mtundu wa injini yanu, ndi khama lanu poyeretsa mafutawo.

Onani kaye injini

Tsegulani boneti. Ngati mukuona paipi yokhuthala yachitsulo itagona m'mbali mwa injini, ikugawira mafuta ku ma injector (zipangizo zopemerera mafuta m'masilinda) okhala ndi mawaya a magetsi, imeneyo ndi common rail. Tsekani boneti, nkhani yathera pomwepo. Hilux ya D-4D, Ford Ranger ya TDCi ndi Isuzu D-Max zatsopanozi zimakankha mafuta ndi mphamvu yoposa 1,300 bar kudzera m'tizibowo tosaoneka bwino ndi maso, ndipo injector imodzi yokha ikafa idya zonse zimene mukanapulumutsa chaka chathunthu.

Zimene zimapirira ndi injini zakale za indirect injection, zokhala ndi kachipinda koyatsira mafuta asanafike pa pisitoni: Toyota 2L, 3L ndi 5L za mu Hilux ndi Hiace, 1HZ ya Land Cruiser, Nissan TD27, Mitsubishi 4D56 yakale, ndi Mercedes OM617. Pa zonsezi Mercedes ndiye katswiri, chifukwa ili ndi pampu ya Bosch ya inline yomwe kunsi kwake kumafewetsedwa ndi oyilo wa injini. Mapampu ozungulira a mtundu wa VE, omwe ali pa Toyota ndi Nissan, amadzifewetsa ndi mafuta omwe akupopawo, choncho amafuna saladi wotentha komanso wopanda dontho la madzi. Pampu ya Lucas CAV, yopezeka pa mathirakitala ambiri a Massey Ferguson ndi Land Rover zakale, imagwira kapena kuthyoka shafuti ikapatsidwa mafuta ozizira. Ife sitilimbikitsa kuiyesa.

Injini ikhalenso yamoyo. Ngati imavuta kulira m'mawa, imadya oyilo kapena imapuma utsi pa chivindikiro cha oyilo, maring'i a pisitoni atha, ndipo saladi azitsikira m'sampu, momwe mumakhala oyilo wa injini.

Vuto ndi kulemera kwa mafuta

Pa madigiri 40, saladi ndi wolemera, kutanthauza wonata ndi wovuta kuyenda, pafupifupi kakhumi kuposa dizilo. Nozo imafunika kupemerera mafuta ngati nkhungu kuti apse onse. Saladi wozizira amatuluka madontho akuluakulu, amamatirira pa khoma la silinda, amapsa mwatheka, n'kusiya mwaye wolimba pa nsonga za manozo ndi m'mizere ya maring'i. Akatenthetsedwa kufika madigiri 70 mpaka 80 amapepuka n'kuyandikira dizilo, ngakhale samufikira. Zonse zimene tikufotokoza m'munsimu cholinga chake n'chakuti saladi afike pa pampu ali woyera, wouma ndi wotentha.

Kusankha mafuta

Abwino ndi a soya kapena mpendadzuwa amene akazingira mbatatesi zokha. Okazingira nkhuku, soseji kapena nyama amakhala ndi mafuta a nyama omwe amaundana. A palm, omwe ndi ochuluka m'mitundu yotchipa, nawonso amalimba kukazizira, ndipo mu June ndi July usiku wa ku Lusaka umatsika pansi pa madigiri 10. Kuti mudziwe, thirani pang'ono m'kabotolo, mukagoneke mu fuliji. Mukapeza m'mawa ali mbuu kapena atagwirana, asungeni kufikira October. Akuda bii, onunkha chivunde, akaneni ngakhale akhale aulere, pakuti asidi wake amadya zitsulo za m'pampu.

Pitani ndi zigubu zanu zokhala ndi zotsekera, mupemphe a kukhichini kuti asathiremo madzi otsukira mapoto. Madzi amenewo amabwera ndi mchere ndi sopo. Dziwaninso kuti mulimbirana ndi ena amene amagula mafuta omwewo kukakazingiranso vitumbuwa, choncho aulere sapezeka kawirikawiri. Kwa ife mafuta opsa kambirimbiri ndi bwino alowe mu injini kusiyana n'kuti alowe m'mimba mwa ana, ndipo zigubu zanu muzilembe poonekera kuti si zophikira.

Kuyeretsa, pamene pagona ntchito

Pezani migolo iwiri ya malita 200, yachitsulo wamba kapena ya pulasitiki yolimba ija ya buluu. Pewani chilichonse cha kopa, burasi kapena malata opaka zinki: kopa imafulumizitsa saladi kusanduka ulimbo, ndipo zinki imadyeka ndi asidi wa m'mafuta n'kutseka fyuluta. Pa mgolo woyamba ikani mpopi masentimita 15 kuchokera pansi, ndi wina pansi penipeni wotayira zonyansa.

Thirani mafuta kudzera m'sefa kapena nsalu kuti nyenyeswa zitsale. Tsekani mgolo, muuike padzuwa, ndipo musaugwedeze kwa milungu iwiri. Mafuta akadikha amapatukana patatu: pamwamba oyera ooneka ngati tiyi wopanda mkaka, pakati otuwa okhala ndi mafuta a nyama, pansi madzi ndi matope. Anu ndi apamwambawo. Apakati musawamvere chisoni.

Kudikha kokha sikuchotsa madzi onse. Samutsirani oyerawo mu mgolo wachitsulo, muwatenthetse kufika madigiri 60 kapena 70 ndi element ya giza, yomwe iyenera kumira yonse m'mafuta musanayatse magetsi. Zimitsani, fundikani mgolo ndi bulangete, muusiye tsiku lathunthu. Mafuta ofunda amalola timadontho ta madzi kutsika, ndipo mumatitaya pa mpopi wapansi. Musawiritse mafuta pa mbaula kuti madzi auluke: madzi okhala pansi pa mafuta otentha amaphulika mwadzidzidzi n'kumwaza mafuta pamoto.

Sefani mafuta atazizira. Ambiri amasefa ali otentha chifukwa amadutsa msanga, koma pamenepo mafuta oundana aja amakhala atasungunuka, amadutsa nawo, n'kukaundanira m'galimoto. Yambani ndi mwendo wa jinzi yakale womangidwa kunsi, kenako fyuluta ya 10 micron (muyeso wa tizibowo take), pomaliza ya tizibowo tocheperapo ya 5 micron. Mafyuluta a madzi a mainchesi 10 ogulitsidwa m'mahadiweya amagwira ntchitoyi.

Musanathire m'galimoto, yesani. Tenthetsani poto wouma mpaka dontho la madzi lizidumphadumpha, mudikire liume, kenako thirani supuni imodzi ya mafuta anu. Akangoyandama phee, auma. Mukaona timathovu kapena kumva kuthetheka, madzi akadalimo, bwerezani kutenthetsa ndi kudikhitsa. Madzi ndi amene amapha mapampu ambiri, chifukwa amayambitsa dzimbiri n'kukumba timaenje pa zitsulo zosalala za mkati. Mafuta oyeretsedwa asungeni pamthunzi m'zigubu zodzaza ndi zotseka, ndipo athe pasanapite miyezi itatu.

Kuika thanki yachiwiri

Thanki ya galimoto ikhalebe ya dizilo. Ya saladi, ya malita 40 mpaka 60 ya pulasitiki yolimba kapena aluminiyamu, imangidwe ndi mabawuti kumbuyo. Mufunikanso heat exchanger (kachipangizo kotenthetsa saladi ndi madzi otentha a injini) ya mapuleti 20 kapena 30, fyuluta yakeyake ya saladi ya 10 micron, mavavu awiri a solenoid (osinthidwa ndi magetsi) a 12V a njira zitatu, mapaipi a mamilimita 10 opirira mafuta otentha, geji ya kutentha, ndi maswichi awiri pa dashibodi. Mapaipi a labala wamba amafufuma n'kuyamba kudontha.

Madzi otentha atengeni pa mapaipi opita ku hita ya m'galimoto, muwadutsitse mu heat exchanger n'kuwabwezera. Saladi achoke m'thanki, alowe mu heat exchanger, adutse pa fyuluta ali wotentha, kenako afike pa vavu yoyamba yomwe imasankha dizilo kapena saladi. Vavu imeneyi ikhale pafupi ndi pampu momwe mungathere, ndipo geji iyeze kutentha pamenepo, osati ku thanki. Vavu yachiwiri ikhale pa paipi yobweza mafuta otsala. Paipi yochokera kumbuyo imangeni pamodzi ndi ya madzi otentha, muzikute ndi chofunda. Mukamaliza chotsani mpweya m'madzi a radiyeta, apo ayi injini itentha.

Kayendetsedwe

Lizani ndi dizilo nthawi zonse. Yendani mpaka geji ya injini ifike pakati, zomwe zimatenga makilomita 5 mpaka 10, kenako sinthirani ku saladi. Kwatsala makilomita 3 mpaka 5 kuti mufike, bwererani ku dizilo kuti pampu ndi manozo zitsukuluzike. Apa pali pamene ambiri amalakwitsa: sinthani vavu yoyamba yokha, yachiwiri ipitirize kubwezera ku thanki ya saladi kwa kanthawi, kuti saladi wotsala m'pampu asakalowe m'thanki ya dizilo. Kuti mudziwe kanthawi kameneko pa galimoto yanu, lowetsani paipi yobwezayo m'botolo loonekera mkati, sinthani swichi, muwerenge masekondi mpaka mafuta otuluka asinthe mtundu n'kupepuka.

Izi zikuonetsa amene angapindule. Wochoka ku Kabwata kupita kutauni amafika injini isanatenthe. Minibasi yoima mu mzere wa pa Lumumba Road injini ikungolira payokha imazizira m'masilinda, saladi n'kusiya mwaye, kotero pa mzere wotere bwererani ku dizilo. Wopindula ndi wa maulendo aatali, wonyamula katundu kupita ku Kabwe, ku Mazabuka kapena ku Chipata. Pa ulendo wa makilomita 140 wa ku Kabwe, dizilo amangogwira makilomita 15 okha.

Amene safuna kusintha kalikonse angasakanize malita 1 mpaka 2 a saladi woyeretsedwa ndi dizilo kuti zonse zikwane malita 10, m'miyezi yotentha yokha. Sakanizirani m'chigubu, osati m'thanki, ndipo musapitirire pamenepo. Petulo musathiremo ngakhale wina akuuzeni kuti amapeputsa. Biodiesel, mafuta ophikira osinthidwa ndi mankhwala kuti afanane ndi dizilo, ndi nkhani ina, yofuna methanol ndi caustic soda, ndipo kugulitsa mafuta a galimoto kwa ena kumafuna laisensi ya ERB.

Zikavuta

Galimoto ikafooka pokwera, tinene pa Munali Hills, koma n'kuchira mukasinthira ku dizilo, fyuluta ya saladi yatseka. Yendani ndi ina yapadera pamodzi ndi sipanala yake. Ikamatsamwa n'kuzima, ndi mpweya: saladi amakokedwa movutikira, ndiye paliponse pamene kilampu yalekerera pamayamwa mpweya osadontha mafuta. Kachidutswa ka paipi yoonekera mkati pafupi ndi pampu kadzakuonetsani thovu la mpweyawo. Kuvuta kulira m'mawa ndi utsi woyera kumasonyeza kuti simunatsukuluze mokwanira, kapena glow plug, yotenthetsa m'silinda poliza injini, yapsa. Utsi wakuda ndi kugogoda ndi manozo omera mwaye. Achotseni akayezedwe, ndipo ngakhale pasakhale vuto muziwaonetsa pa makilomita 10,000 aliwonse.

Choopsa kwambiri sichimveka. Dizilo akatsikira m'sampu amauluka ndi kutentha, koma saladi amakhala momwemo, n'kugwirana ndi oyilo mpaka kusanduka phala lotseka njira zopita ku mabering'i. Ngati mumasintha oyilo pa makilomita 5,000, tsikirani pa 2,500, ndipo mtengo wake muuwerengere m'masamu aja. Solorani dipstick, kachitsulo koyezera oyilo, m'mawa uliwonse galimoto ili pamalo athyathyathya. Oyilo akamakwera m'malo motsika, kapena akamanata pakati pa zala, mukhetseni tsiku lomwelo injini ili yotentha, musinthe ndi fyuluta yake, ndipo muyende ndi dizilo yekha mpaka makanika atayeza compression (mphamvu yopanikiza mpweya m'masilinda) ndi manozo.