Momwe mungayesere ngati mpope wa mfuti yotchipa ukulunjika ngati wa mfuti yodula

Alimi a ku Mitundu, Nathenje ndi Msundwe amene amasunga mfuti ya mpweya yophera makoswe kunkhokwe ndi kukhola la nkhuku amakonda kufunsa ngati mfuti zotchipa za ku China zimalunjika ngati mfuti zodula za Weihrauch kapena Diana za ku Germany. Yankho mungalipeze nokha m'mawa umodzi, mutakhala ndi katoni, lula ndi mapeleti (tizipolopolo ta mfuti ya mpweya) abwino. Za chilolezo yambani mwafunsa ku polisi musanagule n'komwe.

Yambani ndi kutsuka mpope. Mfuti yotchipa imabwera ndi girizi wambiri mkati woteteza dzimbiri. Mangani kansalu koyera ku chingwe cha nayiloni chowedzera nsomba, mukoke kuchokera kolowetsera peleti mpaka kukamwa, kubwereza mpaka kansalu katuluke kopanda litsiro. Burashi yawaya ayi, chifukwa chitsulo cha mipope imeneyi n'chofewa. Parafini ndi oyilo wa galimoto ayinso: akalowa kumene pisitoni imapanikiza mpweya amayaka, mfuti imaphulika mokweza n'kutulutsa utsi, raba ndi sipuling'i n'kuwonongeka. Mukatsuka, womberani mapeleti 20 kapena 30 musanayambe kuweruza.

Tsono apa ndi pamene ambiri amaunamizira mpope. Mfuti ya sipuling'i ikawomba imagwedezekera kumbuyo ndi kutsogolo, ndipo kugwedezeka kumeneku kumamasula masikuluwu pang'onopang'ono. Pa mfuti yothyola pakati, onani masikuluwu awiri a m'mbali mwa thabwa chakutsogolo ndi ina ya pafupi ndi chowombera. Imodzi ikangomasuka pang'ono, mapeleti amamwazika ngati nthanga, munthu n'kumati mpope ndi wokhota. Amangeni mofanana mbali zonse, koma osakanikiza mpaka thabwa kung'aluka. Dontho la Loctite (guluu wa masikuluwu) wa buluu limawagwira bwino. Wofiira musayese, kumasula kwake n'kovuta kwambiri. Wa buluuyo akasowa, kadontho ka penti ya zikhadabo kamathandiza kwa kanthawi.

Mukatero, thyolani mfuti pang'ono, mugwedeze mpope kumanja ndi kumanzere. Ukamasewera, mangani bawuti ya pothyolera. Onaninso kamphira kozungulira polowetsera peleti: ikani kapepala kopyapyala pamwamba pa mpata wapothyolerapo, muwombere. Kakauluka, mpweya ukuthawa ndipo mphamvu izisinthasintha pa kuwomba kulikonse. Kamphirako n'kotchipa, kusintha kwake n'kwa mphindi zochepa. Ngati mwaika sikopu (galasi loonera patali lomangirira pamwamba pa mfuti), ichotseni kaye. Masikopu ambiri obwera pamodzi ndi mfuti zotchipa sapirira kugwedezeka kwa sipuling'i, amatsetsereka chobwerera kapena kumasuka mkati, ndiye mudzakhala mukuyesa sikopu m'malo mwa mpope. Ndipo masikuluwu aja muwaonenso mukawombera mapeleti 50, chifukwa pa mfuti yatsopano amamasuka kachiwiri.

Mpope weniweniwo uyeseni motere. Lowetsani kamtengo ka thonje kotokosera m'khutu kukamwa kwa mpope, mukazunguze, mukatulutse. Ulusi ukatsalira m'mphepete, pali kachitsulo kotumphuka kamene kazikanda peleti potuluka. Musapale ndi tupa, ibwezeni mfutiyo. Kenako kankhani peleti imodzi ndi kandodo kapulasitiki kuchokera kumbuyo. Iyende mofanana njira yonse. Ikathina pang'ono chakumapeto palibe vuto, mipope yambiri yabwino amaipanga choncho dala. Koma ikamathina apa, kugwa yokha apo, mpopewo sudzalunjika.

Mapeleti ndiwo theka la nkhani yonse. Dziwani kaye ngati mfuti yanu ndi ya 4.5 kapena 5.5 mm. Gulani mitundu itatu ya mutu wobulungira, monga JSB Exact, H&N Field Target Trophy ndi RWS Superdome, chifukwa mpope uliwonse uli ndi mtundu umene umaukonda. Osongoka aja amakongola m'maso koma kawirikawiri salunjika. Chenjerani ndi ogulitsa amene angathire mapeleti osakaniza m'chitini cha dzina lodziwika, mtengo n'kukhala wa enieni. Chitini chikhale chomata, ndipo peleti iliyonse yophwanyika kumsi itayeni. Kuyesa mfuti ndi mapeleti ogula m'kapepala n'kutaya nthawi.

Womberani m'mamawa mphepo isanadzuke, makamaka mu Ogasiti mpaka Okutobala. Yezani mamita 25, kumbuyo kwa katoni kukhale chulu kapena matumba amchenga, kutali ndi njira ya anthu ndi ziweto. Mfuti ya sipuling'i musaigoneke pa tebulo kapena pa njerwa. Ikani dzanja pa thumba, mfuti igone m'chikhatho osaifinya, pamalo amodzimodzi nthawi zonse. Lozani kadontho kamodzi, mapeleti 5, osakhudza choonera ngakhale akugwera pambali. Chitani magulu 5 pa mtundu uliwonse wa peleti. Gulu limodzi lokongola silinena kanthu.

Pa gulu lililonse, sankhani mabowo awiri otalikirana kwambiri, muyeze mamilimita kuchokera m'mphepete mwakunja mwa limodzi mpaka m'mphepete mwakunja mwa linzake, muchotsepo 4.5 kapena 5.5 malinga ndi mfuti yanu. Magulu akamabisika pansi pa chitsekerero cha botolo la Fanta, mfutiyo ikukwanira ntchito ya makoswe. Mabowo akandandalika chokwera, ganizirani kamphira kapena kagwiridwe kanu. Akandandalika chopingasa, ndi bawuti kapena mphepo. Akamwazika ponseponse ndi mitundu itatu yonse, pamenepo ndiye mpope walakwadi.

Ngati pali mnzanu wa mfuti yodula, bwerezani zomwezo tsiku lomwelo, wowombera akhale mmodzi. Pa mamita 25 mpope wotchipa wopangidwa bwino umayandikira kwambiri. Kusiyana kumaonekera pa mamita 40 kapena 50, komanso pa chowombera, chomwe pa zotchipa chimakhala cholimba n'kumakukokerani pambali. Vuto lalikulu la zotchipa n'lakuti mfuti ziwiri za m'bokosi limodzi zimatha kusiyana kutalitali, choncho gwirizanani ndi wogulitsa za kusintha musanapereke ndalama, ndipo lisiti likhale ndi nambala ya mfutiyo.