Tsiku la sikelo, tengeranitu njira yolera

Amayi anzanga a ku Kasungu kuno, mukamapita ndi mwana kukabayitsa katemera wa pa masabata 6, musabwerere pakhomo musanalowe ku chipinda cha zakulera. Ndalama ya kabaza ndi imodzi yomweyo, ndipo m'zipatala za boma njirazi ndi zaulere.

Ambiri timadalira kuyamwitsa. Kumateteza ndithu, koma pokhapokha mwana asanakwane miyezi 6, akungoyamwa bere lokha usana ndi usiku, ndipo inu simunayambe kusamba. Mukangoyamba kumupatsa phala kapena madzi, musadalirenso.

Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati padutse zaka 2 mutabereka musanatengenso pathupi. Kutumbiza kumasiya mayi magazi ali ochepa, khanda limatha kubadwa masiku asanakwane kapena lochepa thupi, wamkuluyo n'kusiyitsidwa bere mwadzidzidzi.

Ngati kwanu kuli kutali, monga cha ku Chulu kapena Simlemba komwe dzinja misewu imavuta, ine ndimati bola kapulasitiki ka pamkono: Implanon zaka 3, Jadelle zaka 5. Jakisoni wa Depo ngwa miyezi 3, ndiye tsiku lobwereza mulilembetse m'buku la kuchipatala, chifukwa ntchito ya fodya ikachuluka limaiwalika.